Nthochi za Opal

Anatiletsa kuwapatsa mayina. Nyani aliyense ankadziwika ndi nambala, kuti akafera m'mlengalenga atolankhani asapeze dzina loliritsa nalo anthu. Wanga anali 52, koma ine ndinkamutchula Opal, ndipo pa zimenezo sindipepesa.

Chinali chaka cha 1960, kuchipululu cha New Mexico. Ndinali msilikali wa gulu la ndege amene anali asanakwerepo ndege. Ntchito yanga inali yosamalira anyani a mtundu wa chimpanzi, omwe tinkawaphunzitsa kuti akwere roketi anthu asanayerekeze. Akuluakulu ankafuna aone kaye ngati chamoyo chingagwire ntchito kumwambako osasokonezeka mutu.

Nyani tinkamumangirira pampando, kutsogolo kwake kuli tinyale ndi tizitsulo tokoka. Kanyale kakayaka, iye akoke. Akakoka msanga, makina ankamulavulira kambulu kokoma nthochi. Akachedwa, magetsi ankamuluma kuphazi. N'chifukwa chake tsiku la mayeso sitinkawapatsa chakudya cham'mawa, poti nyani wokhuta sakoka.

Opal ankawaposa onse, ndipo ine ndinkayenda modzitama ngati ndinamubereka ndine.

"Mkazi wakoyu akusiya, Tackett," ankatero Sajeni Brubaker, mkulu wathu. "Akakabwerako adzakhala bwana wako. Yambiratu kuphunzira kumuchitira sailuti."

Ndinkaseka nawo mpaka tsiku lomwe anationetsa kanema wa maroketi a ku Florida. Imodzi inanyamuka pang'ono chabe n'kukhalanso pansi, moto ponseponse. Ina inakwera bwinobwino, kenako inapotoka n'kuphulika. Anzanga ankaimba mluzu. Ine ndinkangoona kampando kaja kali pamwamba pa motowo, Opal alimo, akudikira kanyale. Ndinachita mantha kwambiri.

Mayeso omaliza anali a masiku atatu, osankha anyani asanu ndi mmodzi opita ku Florida. M'mawa wa tsiku loyamba ndinabisa nthochi zisanu m'jekete ndi buledi wopaka chiponde. Opal anadya zonse, n'kunyambita zala. Atakhala pampando anangoyasamula. Kanyale kanayaka, iye ali kalikiliki kukanda mimba. Magetsi anamuluma, analira n'kundiyang'ana. Ndinayang'ana pansi. Ndinadziuza kuti kulumidwa phazi masiku atatu n'kwabwino kusiyana ndi kupsa. Ndinachita zomwezo mawa lake ndi mkuja.

Dokotala Fenske, dokotala wa nyama, anamuyeza magazi, anamusuzumira m'makutu, osapeza kanthu.

"Ena amangotopa nazo," anatero, n'kulemba papepala lake.

Atapachika mndandanda, 52 panalibe pa opita ku Florida. Ndinamva kupepuka m'thupi monse. Mnzanga Archuleta, yemwe ankasamalira khola loyandikana ndi langa, ndiye anandikoka mkono n'kundionetsa pepala lachiwiri. Pamwamba pake analembapo mawu amodzi okha: Njanji.

"Aise, umaganiza kuti boma lidyetsa nyani wolephera mpaka amere imvi?" anandifunsa. "Ndinkakuona ndi nthochi zakozo. Ndinkayesa ukudziwa chimene ukuchita."

Njanjiyo tonse tinkaimva, ngakhale ine ndinali ndisanapondeko. Inali kuseri kwa mchenga woyera, yowongoka, yaitali moti mapeto ake sankaoneka. Ankamangirira chamoyo pangolo yachitsulo, maroketi n'kuikankha liwiro losaneneka, kenako n'kuiimitsa mwadzidzidzi m'ngalande ya madzi. Ankafuna kudziwa kuti thupi limapirira mpaka pati chombo chikamenya pansi. Ine ndinkayesa amagwiritsa ntchito nkhumba zokha. Zaka ziwiri pamalopo, sindinafunsepo kumene anyani otsalira ankapita. Ndinkangoona khola latsukidwa.

Ndinapita kwa Dokotala Fenske n'kuulula zonse.

"Bwana, nyaniyu sanatope. Ndine ndinkamudyetsa. Mumuyesenso ali ndi njala, muona."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Tackett, ine sindinamve. Ndikamva, iwe ukalowa m'chitokosi chifukwa choononga mayeso a boma, ndipo 52 apitabe kunjanji. Ndege ya ku Florida yanyamuka, mapepala asainidwa kale. Ukanangomusiya."

"Akanapsa, bwana."

"Mwina. Tsopano palibenso mwina."

Patapita milungu ingapo, nyani mmodzi mwa aja anakweradi roketi. Anabwerako wamoyo, anamuvuula m'nyanja, ndipo anamujambula akulandira apozi. Chithunzicho anachikhoma m'chipinda chodyera, pamwamba pa mphika wa khofi. Ndinasiya kumwa khofi.

Tsiku la Opal linali Lachinayi, dzuwa lili pamutu. Anyamata a kunjanji anayesa kumutulutsa m'bokosi, iye anawaonetsa mano. Mmodzi anatenga ndodo. Sajeni Brubaker anamuletsa, n'kutembenukira kwa ine. Tsiku limenelo sanandiseke.

"Ukhoza kukana, mwana wanga. Koma akamutenga awa amutenga ndi ndodo."

Ndinatsegula bokosi. Anandikwera pachifuwa monga mwa masiku onse, manja ake m'khosi mwanga, ndipo ndinayenda naye pamchenga wotentha mpaka pangolo. Mpando wake unali wofanana ndi wa kumaphunziro. Atauona anatsika yekha n'kukhalapo, anatambasula miyendo kuti ndimange, anakweza manja kuti malamba adutse. Ndinamanga paphewa, m'chiuno, m'mapazi. Sindinasiye lamba ndi limodzi lomwe lolendewera, chifukwa anandiuza kuti lolendewera ndi limene limathyola msana. Manja anga ankanjenjemera, ake ayi.

Mkulu wa kunjanji, bambo wonenepa wa chisoti chachitsulo, anadzakoka malambawo mmodzimmodzi n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Lero tikuwonjezera roketi ziwiri, tione pothera," anauza wolemba wake. Kenako anayang'ana Opal. "Sitinalandirepo wofatsa chonchi. Enawo timachita kuwabaya jekeseni. Anamuphunzitsa ndani?"

"Ndine, bwana."

"Ntchito yabwino. Bwerera kuseri kwa khoma."

Lipenga lochenjeza litalira, ndinali ndisanafike pakhomapo. Ndinamva Opal akundiitana ndi kaphokoso kake kam'mero. Sindinacheuke. Madzulo ake anandipatsa paipi ya madzi kuti nditsuke khola, chifukwa Lolemba kunkabwera nyani wina.