Chaka Chimene Adapala pa Makina a Magetsi

Ndidamupeza Milutin atagwada pambali pa makina, tupa ili m'manja, akupala chitsulo mwaulesi. Manambala awiri anali atafufutika kale. Pamene padalembedwa 1904, chaka chimene makinawo adaikidwa, panali patatsala 04.

"Ukuchita chiyani, munthu wamkulu ngati iwe?"

"Ndikuwachepetsa zaka agogowa, aphunzitsi," adatero osandiyang'ana. Iye ndiye ankayang'anira nyumba ya magetsi ya m'tauni mwathu. "Akuti Loweruka akukwanitsa zaka khumi. Mukafuna nanunso ndikupaleni, mubwerere ku utsikana."

Sindidaseke. Chinali chaka cha 1958, ndipo ine Radojka Simić, amene ndidaphunzira mbiri yakale ku yunivesite ya ku Belgrade, ndinali nditapatsidwa pepala loti ndikawerenge pa chikondwerero. Pepalalo linkati boma latsopano ndilo lidatchinga mtsinje, kukumba ngalande ndi kutulutsa tauni yathu mumdima mu 1948. Bodza lamkunkhuniza! Chimene lidachita chaka chimenecho ndi kusintha loko wa pachitseko. Damulo adamanga ndi owomba nsalu zaubweya, ndipo ngalande adakumba ndi makolo athu, ndi mapiki, m'thanthwe louma, kwa zaka zitatu. Bambo anga adasiyamo zala ziwiri.

Ndidalunjika ku ofesi ya Zdravko, mlembi wa chipani, amene ndidakhala naye benchi imodzi ku pulayimale.

"Mayi Simić, musandivute," adatero. "Ndi pepala chabe. Inu muwerenga, anthu aomba m'manja, tidya nkhumba yootcha, basi."

"Zdravko, unkakopera masamu anga pansi pa getsi la m'kalasi. Linkayaka ndi chiyani getsi limenelo? Nzeru zako?"

"Komuredi Zdravko," adandikonza, makutu atafiira. "Ndipo kumapiri kuli sukulu yopanda mphunzitsi. Kumeneko mbuzi sizifunsa zaka. Muganize bwino."

Ndidaganizadi. Ndinali ndi nyumba ya sukulu, mayi anga odwala miyendo, ndi kalasi imene ndidailera kwa zaka zinayi. Loweruka masana ndidavala diresi langa lakuda ndi kukwera pansanja nditatsimikiza kuwerenga liwu lililonse, kenako kukatsuka m'kamwa kunyumba.

Koma Zdravko adalakwitsa chinthu chimodzi. Pofuna kuti chithunzi cha m'nyuzipepala chikongole, adaika nkhalamba zonse za m'tauni pamzere woyamba, aliyense atam'patsa kambendera. Pakati pawo panali agogo Stana, msana utapindika ngati chikwakwa, akugwedeza kambendera kawo mosadziwa chimene akukondwerera. Ndidawerenga mzere umodzi. Kenako ndidatsitsa pepala.

"Agogo Stana," ndidatero pa chimkuzamawu, "miyala ya damuli mudasenza liti?"

"Ati chiyani mwanayo?"

Mayi wina adawanong'oneza kukhutu.

"Miyala? Haa! Chaka chimene ndinali ndi pakati pa Jovan. Ndidatula dengu madzulo, m'mawa mwana wabadwa. Kapitawo adati ndathawa ntchito, galu uja!"

Zdravko adadzuka theka. "Mayi Simić, bwererani pa pepala."

"Ndili pa pepala pomwepo, a Komuredi. Pepalali likuti damu lakwanitsa zaka khumi. Ndiye kuti Jovan nayenso ali ndi zaka khumi, ndipo sindidamuonepo m'kalasi mwanga. Jovan, mwana wanga, taimirira anthu akuone."

Kalata yondisamutsa idafika Lolemba. Kumapiriko ndidakhalako zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mayi anga adaikidwa komweko, kutali ndi manda a mwamuna wawo. Zimenezo sindidakhululuke, ndipo sindikufuna kuti wina andipemphe kutero.

Koma Loweruka lija Jovan adaimirira. Adayamba watsitsa mdzukulu wake pamiyendo, nagwira bondo, nadzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba. Oimba malipenga adatsitsa malipenga awo. Palibe adaseka, kunkamveka madzi okha akugubuduka m'ngalande kuseri kwa khoma. Jovan adayang'ana mayi ake, adayang'ana Zdravko, ndipo posadziwa chochita pamaso pa akuluakulu, adavula chipewa mwaulemu. Dazi lake lidawala padzuwa.