Chala cha Wiebke

Kalata yabuluu ija inafika Lachiwiri, ndipo mayi ake a Wiebke anaiwerenga ali chiimire pakhomo, jekete asanavule n'komwe. Sukulu inkawachenjeza kuti mwana wawo akapanda kusintha pa phunziro la mbiri yakale, abwereza kalasi. Masamu anali atamukanika kale. Kugwanso pa phunziro lachiwiri, ndiye kuti anzake apita, iye atsala.

Chopweteka n'chakuti mbiri yakaleyo Wiebke ankaidziwa kuposa mwana aliyense m'kalasimo. Koma phunziro limeneli malikisi ake amachokera pakamwa. Aphunzitsi awo, bambo Oltmanns, ankayenda ndi kabuku kobiriwira, ndipo aliyense wokweza chala n'kuyankha ankamulembera kamzere. Pa dzina la Wiebke, chiyambireni chaka, panali poyera ngati mbale yotsuka.

Sunali ulesi ayi, anali mantha. Akangoganiza zokweza chala, ankangobisa dzanja pansi pa desiki. Ndiye ankangonong'oneza mayankho kwa mnzake wokhala naye desiki imodzi, Jette, wolongolola ngati wailesi, Jetteyo n'kumakolola timizere m'munda woti sanalime. Mwana wofatsa amayamikiridwa kunyumba kokha, kusukulu amamuyesa mbuli.

Mayi ake anamunyengerera, anamukalipira, mpaka anayamba kumamufunsa mafunso pa chakudya chamadzulo kuti azolowere kuyankha. Patebulopo ankayankha bwinobwino. Akafika m'kalasi, dzanja linkalemera ngati lamwini. Masabata anatha choncho, mpaka linakwana tsiku lomaliza aphunzitsi asanakumane kuti agamule za okhoza ndi obwereza.

Pa nthawi yopuma, Jette anamukokera pakona, buledi wa soseji ali kukamwa.

"Iwe, lero usandinong'oneze kanthu, wamva? Ine pakamwa ndatseka. Ukabwereza ndizikhala ndi ndani? Torben wonunkha masokosi uja?"

Wiebke anafuna kuseka, koma analephera.

Kutatsala mphindi zisanu kuti belu lilire, bambo Oltmanns anafunsa chimene chinachititsa alimi kuukira mafumu awo zaka mazana asanu zapitazo. Palibe amene anakweza chala. Jette anapinda manja n'kumayang'ana kudenga. Yankho Wiebke anali nalo lonse, ndipo milomo yake inapendekera yokha kukhutu kwa mnzakeyo, koma Jette anamuponda phazi.

Anakweza chala. Chinangofika paphewa. Tsoka ilo, aphunzitsiwo anali atatembenuka kale kukafufuta pabolodi, ndipo sanachione. Wiebke anayang'ana wotchi yapakhoma, misozi ili m'maso. Pamenepo Jette anakankha chikwama chake cha mapensulo ndi chigongono, chinagwa pansi, mapensulo n'kuti mbwee.

Bambo Oltmanns anacheuka. Anayang'ana mapensulowo, kenako chala chija.

"Wiebke?" anatero, ngati akukayika dzinalo.

Mitu yonse inatembenukira kwa iye. Anatsegula pakamwa, panatuluka kamawu koti ngakhale iye mwini sanakamve. Aphunzitsi anamuuza kuti akweze mawu, akumbuyo sakumva. Wina anaseka. Wiebke anagwira desiki ndi dzanja linalo n'kuyambiranso: za thangata, za nkhalango zimene alimi analetsedwa kutolamo nkhuni, za mitsinje imene sankaloledwa kuphamo nsomba. Belu linalira ali pakati, koma anapitiriza, poopa kuti akasiya mawuwo sabweranso.

Anzake atayamba kulongedza mabuku, bambo Oltmanns anatsegula kabuku kaja n'kulemba. Anakhala kanthawi akuyang'ana tsambalo.

"Kamzere kamodzi, Wiebke. Chaka chonse, kamodzi. Ndipita nako kumsonkhano mawa, koma sindikukulonjeza kanthu."

Anatseka kabukuko n'kutuluka. Wiebke anatsala pampando, akuwerenga mumtima maola oti mawa lifike. Jette anasiya kutola mapensulo, anamugwira mkono n'kuukokera pansi pang'onopang'ono. Chala chija chinali chidakali m'mwamba.