Fumbi la mu Ovolosi

1.
Tseka chitseko, Lonjezo. Amayi ankatero bambo akangofika kuchokera ku mgodi wa yureniyamu. Tseka ndi zenera lomwe.

2.
Lero ndine mphunzitsi wa fizikisi. Pabolodi ndimalemba mitundu itatu ya cheza chotuluka m'miyala ngati ya kumgodi kuja:
alefa, amatchingidwa ndi pepala, ngakhale khungu lako;
beta, amafuna chitsulo chopyapyala;
gama, khoma lakonkire lochindikala.
Ndiye alefa ndi wamantha eti, madamu? mwana wina amafunsa. Ana amaseka, ine n'kusekanso. Kenako ndimawauza kuti wamanthayo ukam'pumira mkati zako zada, m'mapapo mulibe khungu.

3.
Amayi ankakung'unthira ovolosi ya bambo m'nyumba chifukwa fumbi la mwamuna wapantchito silisiyidwa pabwalo, wanjiru angatapeko n'kupita nalo kwa sing'anga ntchito n'kutha, ndiye tseka chitseko, ankakung'untha, kusesa, kuwolera m'chitini, kukung'unthanso mawa lake, ife atatithamangitsira panja, iwo okha mkatimo akuyetsemula uku akuimba nyimbo za kwaya, zaka zisanu ndi chimodzi

4.
Chotupa. M'phapo lakumanzere.
Mumasuta, mayi? dokotala anafunsa. Amayi anakwiya tsiku lonse.

5.
Ndi Nasibeko, akutero amayi ali chigonere. Ovolosi ija inkamuwawa. Ndidzam'tchula pamaso pa anthu.
Nasibeko ndi mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana, yemwe wakhala akutiphikira phala chiyambire matendawa. Ndikuopa. Wina atatchulidwa ufiti chaka chatha anamutenthera nyumba.

6.
Atomu yosakhazikika imalavula kachidutswa n'kusanduka ina, ndipo palibe angadziwiretu tsiku lake. Zimenezi m'kalasi ndimazinena mosavuta. Kuno ndazungulira bedi masiku atatu, ndaphika tiyi, ndamutaya. Ndiwauze mayi anga kuti chikuwadya n'chikondi chawo chomwe?

7.
Amayi, si Nasibeko. Ndikuganiza kuti ndi fumbi lija.
Fumbi liti?
La mu ovolosi. Munkalipuma.
Iii! Ndiye sukulu yonseyi unaphunzira kuti udzandiuze kuti ndadzilodza ndekha? Nanga abambo akowa bwanji ali gwa, chonsecho ndiwo ankalowa m'dzenjemo?
Iwo ankavala chotchinga mphuno, amayi.

8.
Bambo anali pakhomo nthawi yonseyi, chipewa chili m'manja.
Nachisale, anatero, musiye Nasibeko. Kumgodi anatiuza tsiku loyamba kuti ovolosi izitsala komweko, eni mgodi ankachapa okha. Ine ndinkaizembetsa m'chikwama n'kudzaivalira pamlatho. Ndinkafuna anthu azindiona nayo polowa m'mudzi.
Amayi anawayang'ana. Chifuwa chinawagwira amayiwo, tinadikira mpaka chinatha.
Inkakukhalani, anatero.
Bambo anagwada pambali pa bedi, n'kulira mokweza.