Zimene Zinali M'bini ya Kompyuta

"Ndiye 32 ndi 64 zikusiyana pati? Zonse si manambala?" anafunsa a Yona, atasuzumira paphewa pa Zulaikha.

Zulaikha, wokonza makompyuta pamsika wa Nsungwi ku Area 25, anali atazolowera makasitomala a mafunso, koma a Yona anaposa onse. Iwo ankasindikiza makadi a ukwati kunyumba, ndipo pulogalamu yatsopano imene ankaifuna inkakana kulowa m'kompyuta yawo yakale, poti inkafuna sisitemu ya 64 pomwe yawoyo inali ya 32. Akazi awo, a Thokozire, ndiwo anasenza kompyutayo itakulungidwa m'chitenje, ndipo tsopano anali pabenchi akudzikupiza ndi kachidutswa ka katoni.

"Ya 32 ndi kanyumba ka chipinda chimodzi, bambo. Pulogalamu yanuyi ikufuna nyumba yaikulu. Tigwetsa zonse n'kumanga ya 64."

"Osangowonjezera chipinda?"

"Maziko ake salola. Zithunzi ndi mafayilo tisamutsira kaye mu hadi disiki iyi. Mapulogalamu sasamuka, tiikamo atsopano. Chotsalira m'katimu chapita, ngakhale mulire chotani."

"Auzitseni bwino," anatero a Thokozire. "Awa sataya kanthu. Batire lakutha amalisunga, ati tsiku lina lidzadzuka."

Kukopa kutatha, Zulaikha sanafulumire kufufuta. Panali chimene chinkamudabwitsa. Kompyuta inkasonyeza kuti ndi yodzaza, koma zimene anasamutsa sizinafike ndi theka lomwe. Anafufuza uku ndi uku mpaka anapeza kumene kunali kulemerako.

"Bambo, bini ya zinyalalayi yadzaza kuposa nyumba. Simukhuthula?"

A Yona anayang'ana kumbali.

M'binimo munali mavidiyo a Chisankho, mkazi wawo woyamba, amene anamwalira mwana wawo Favour akadali wakhanda. Atakwatira a Thokozire, a Yona anaopa kuwapweteka mtima, choncho anataya mavidiyo onsewo m'bini, koma kukhuthula kunawakanika. Akatsala okha ankabweza imodzi, n'kuonera, n'kuitayanso. Ankaganiza kuti apeza malo abwino, poti ndani amafukula kudzala?

Tsopano zinawavuta. Akanena kuti zikopedwe, akazi awo amva. Akakhala chete, mawu a Chisankho sadzamvekanso. Manyazi anapambana.

"Ndi zinyalala basi," anatero ndi mawu osakhala awo. "Pitirizani."

Zulaikha anawayang'ana, kenako anatambasula dzanja kuti afufute zonse.

"Dikirani, achemwali," anatero a Thokozire akuimirira. "Kopani zonsezo. Muli mavidiyo a mayi ake Favour."

A Yona anatembenuka pang'onopang'ono. "Mwadziwa bwanji?"

"Kompyuta iyi timagwiritsa awiri, bambo a Favour. Tsiku lina ndinafufuta mwangozi khadi la kasitomala, ndiye polifunafuna ndinawapeza. Chiyambire ndinalamula kuti wokhudza bini imeneyo m'nyumba muja aona zakuda. Mumayesa inkasungidwa ndi angelo?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Inu munandiuza? Ndimafuna ndione kuti mumusunga kudzala mpaka liti munthu amene anakuberekerani mwana."

A Yona anakhala pansi pabenchi paja. Mtima unawawawa, komanso anamva kupepukidwa kumene sanakumvepo kwa zaka.

Zulaikha anabweza mavidiyo onse kuchokera m'bini, n'kutsegula foda yatsopano mu hadi disiki.

"Ndilembe dzina lanji?"

A Yona anayang'ana akazi awo.

"Lembani Chisankho," anatero a Thokozire. "Ndipo mukamaliza kukonza kompyutayo muiikemo poonekera. Mwana uja wayamba kundifunsa kuti mayi ake ankaseka bwanji, ndipo ine sindinawaonepo amoyo."