Thiriga ya Alamu Ake

Benedict, mmisiri wa mfuti, ankadziwa kuti mfuti ya mlamu wake ikubwera kwa iye. Sabata yonse ankamva tupa akulira kukhitchini, iye ali m'kachipinda kake kam'mwamba, koma sanatsike n'kamodzi komwe kukafunsa. Akanafunsa ngati ndani? Nyumbayo, ku Swords m'dziko la Ireland, inali ya Norbert, mwamuna wa mlongo wake Clementina, ndipo kachipindako anam'patsa zaka ziwiri zapitazo mom'nyinyirika. Chilowereni m'nyumbamo, Benedict ankayenda monyang'ama ngakhale popita kubafa.

Loweruka m'mawa Norbert anatulukira pashopu ya mfuti pamene Benedict ankagwira ntchito, chikwama chachitali chili paphewa. Anali wa ku Zambia, wa zamakompyuta ku bwalo la ndege, mtundu wa anthu aja oti akaonera vidiyo imodzi pafoni basi asanduka akatswiri. Anali atalowa kalabu yowombera chandamale, ndipo mawa lake kunali mpikisano. Kalabuyo inali ndi lamulo lake: mfuti iliyonse yoti yagwidwagwidwa m'kati iyambe yaonedwa ndi mmisiri, mmisiriyo asayine fomu.

"Mulamu, sayinani chabe apa," anatero Norbert akuponya fomuyo pathebulo. "Nachita kale vonse. Nili na meeting pa eleven."

"Ndiione kaye, alamu."

"Muone chani? Ni thiriga chabe nafewesako. Inali yolimba monga chitseko cha jele."

Benedict anatulutsa mfutiyo m'chikwama. Asanathawire ku Ireland anagwira zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba yosungira zida za asilikali, ndipo kumeneko anaphunzira kuti mwini mfuti ndiye munthu womaliza kumukhulupirira. Anaonetsetsa kuti mulibe chipolopolo, anaimanga pavayisi yopanira zitsulo n'kuitsekula.

M'kati mwa mfuti mulibe zamatsenga ayi. Muli tizitsulo tiwiri tolumana ngati mano, ndi sipuling'i yoti nthawi zonse imangofuna kuthawa. Chala chikakoka thiriga, manowo amalekana, mfuti n'kulira. Akufakitale amasiya manowo ali ndi msinkhu wake kuti azigwirana ndithu. Koma Norbert anali atawapala mpaka kusalala ngati supuni, ndipo tsopano ankangogwirana mwaulemu chabe. Benedict ataona zimenezi mtima unamuwira. Si umbuli wake wokha umene unamupweteka, koma kunyada kumene mwini wake anaima nako pamenepo, manja ali m'thumba.

"Mwaononga," anatero. "Chitsulo ichi n'chotaya. Tiitanitse china, chifika next week."

"Next week? Competition ni mailo, mulamu!"

"Ndiye mawa mukaonerere anzanu."

Norbert anaseka. Anaseka dala mokweza, chifukwa Annie, mayi wachizungu mwini shopuyo, anali chapafupi akupachika malamba a mfuti. Annie sankamva chinenero chawocho, koma ankadziwa kuti awiriwa ndi pachilamu, ndipo Benedict anali atamuuzapo kuti kwawo alamu amanyozana mwanthabwala. Choncho ankangomwetulira, osadziwa kuti nthabwala zinatha kalekale.

"Mvelani, ba soja," anatero Norbert, mano ali panja koma maso ali gwa. "Mufana wanga Kanyanta abwela ku college mu September. Nakhala niganiza kuti azagona kuti. Manje mwanithandiza kuganiza."

Benedict anamva bwinobwino: akakana kusayina, kachipinda kaja kamuchoka. Mwezi wathawu anali atapita ku Crumlin kukaona chipinda china, n'kupeza anthu makumi atatu ali pamzere mumvula, ena atavala masuti ngati akukafunsira ntchito. Atafika pakhomo anamuuza kuti chatengedwa kale. Munthu wa zaka makumi asanu, wakuda, wogwira ntchito yonunkha mafuta, ndani angam'sankhe pagulu lotero? Anachita mantha, tisaname. Anatenga cholembera.

Anayamba kudzinyengerera yekha. Mfutiyo ndi yaing'ono. Kukalabu kuli malamulo, aliyense amaloza kutsogolo. Mwina palibe chingachitike. Koma ankaidziwa kalabuyo, anapitako kangapo kukapereka katundu. Anthu amagona chafufumimba moyandikana, phewa ndi phewa, ndipo kumbuyo kwawo kumayenda nkhalamba ina yoyang'anira yomwe inkamupatsa tiyi. Norbert yemweyo ankamudziwanso, munthu wogwetsa makiyi a galimoto kawiri patsiku.

"Zonse zili bwino, Benedict?" anafunsa Annie m'Chingerezi.

"Zili bwino sana," anayankha Norbert mom'tsekereza. "Angosayina."

Benedict anaika cholembera pansi. Anabwezera zitsulo zonse m'malo mwake, pang'onopang'ono, Norbert akugogoda thebulo ndi chala. Atamaliza anayang'ananso ngati mulibe chipolopolo, anamuonetsa Annie kuti naye aone, kenako anaitchera mfutiyo ili yopanda kanthu. Anaiimika mlomo kuloza kudenga, thako lake lili pamwamba pa mphira wapansi.

Umu ndi mmene ankachitira kunyumba ya zida kuja. Kunalibe makina oyezera, kunali simenti ndi dzanja. Mfuti yabwino ungaimenyetse pansi chotani, siilankhula mpaka chala chiipemphe.

Anaimenyetsa koyamba. Zii.

Anaimenyetsa kachiwiri, mwamphamvuko. Zii.

"Mwaona?" anatero Norbert, mapewa atakwera. "Mwaona, ba engineer? Nsanje chabe. Muntu wakusungani two years, mufuna kumuchititsa manyazi pamaso pa muzungu."

Annie anali atayamba kale kutembenuka. Fomu inali pomwepo, cholembera pomwepo, ndipo palibe m'shopu monsemo amene akanamunena kuti sanayese. Benedict anayang'ana mlamu wakeyo ndipo anamuda, kumuda kwenikweni, chifukwa chomufikitsa poti aziwerengera moyo wa munthu ndi kachipinda kosakwana n'kabati komwe. Anainyamula mfutiyo n'kuimenyetsa kachitatu.

Khe!

Kanali kaphokoso kakang'ono zedi, koma Annie anatembenuka ngati wapondedwa. Mfuti inali itadziombera yokha, chala cha Benedict chili kutali ndi thiriga, aliyense ankaona. Mayiyo anayandikira, anaitchera yekha, n'kuimenyetsa. Inaliranso, ulendo uno kamodzi kokha.

"Ndani wagwira m'kati umu?" anafunsa.

Norbert anayamba kufotokoza za vidiyo ija, koma Annie sanamulole kumaliza. Anati mfutiyo situluka m'shopumo mpaka chitsulo chatsopano chilowe, ndipo aimbira akukalabu kuwauza chifukwa chake. Anamata kapepala kofiira pamfutiyo n'kukaitsekera m'sefa. Norbert ananyamula chikwama chake chopanda kanthu. Ali pakhomo anacheuka, ndipo sanasekenso.

"Tizaonana kunyumba, mulamu. Kunyumba kwanga."

Tsiku lonselo Benedict anagwira ntchito ngati munthu wodwala malungo. Annie anamuyamikira kawiri, iye anangogwedeza mutu. Anaweruka dzuwa likadalipo, anakwera basi, natsika pamalo ake a masiku onse.

Katundu wake anamupeza panja, m'majumbo anayi akuda otayiramo zinyalala, atawasanja bwinobwino pambali pa chitseko kuti asanyowe. Kusanja kumeneko anakudziwa, kunali kwa mlongo wake. Galimoto ya Norbert panalibe. Asanagogode, Clementina anatsekula, ali mu yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, maso atatupa. Anaima pakhomo pomwepo, osapatuka.

"Wandiuza zonse," anatero.

"Ndiye wakuuzanso kuti ikanapha munthu?"

"Wandiuza kuti munamenya kawiri, sinalire." Clementina anayang'ana majumbo aja, kenako anamuyang'ana iye, mkwiyo ndi misozi zili pamodzi. "Ine ndi amene ndikhale naye m'nyumba muno, achimwene. Mukanangolekera pa kawiri pomwepo."