Lero Lokha Tisavule Magolovesi

Osewera anali akutenthetsa thupi, kuzungulirazungulira pa ayezi, pamene Wade Friesen anatsetserekera pamzere wofiira wa pakati n'kugogoda ndodo yake pansi. Lorne Pilipchuk anadziwa kuti woitanidwayo ndi iye. Amuna awiriwa ankadyera nkhonya. M'ligi yawo ya hoke, masewero omenya kampira ndi ndodo pa ayezi, timu iliyonse inali ndi munthu mmodzi wosalembedwera kugoletsa, koma kumenya aliyense wovulaza anzake. Kwa eni bwalo, ovala zobiriwira, munthuyo anali Lorne. Kwa alendo, ovala zoyera, anali Wade.

"Mphuno ija yakhoteranso kwina, aise," anatero Wade akuyang'ana kumbali ngati sakulankhula naye. "Ukafuna kununkhiza khofi umachita kutembenuka?"

"Unaikhotetsa ndiwe. Nanga mano ako aja unawatola?"

"Ali m'kapu, akundidikira." Wade anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Tamvera, Lorne. Lero lokha usandipemphe ndewu. Mutuwu sukuyenda bwino. Chindimenyereni mwezi watha, magetsi akumandilasa m'maso. Dzana ndinasokera pobwerera kunyumba kwanga komwe."

"Dokotala wa timu akudziwa?"

"Adziwe kuti andikhazike pabenchi? Pali ena akudikira malo anga ngati akhwangwala. Mkazi wanga Marlene yemwe sindinamuuze."

"Ndamva. Lero ayi."

Umu ndi mmene zinkakhalira pakati pa omenya. Ndewu ankachita kupemphana, ndipo munthu akanena kuti wavulala sankamukhudza. Lorne ndi Wade anali atang'ambana nkhope kambirimbiri, koma ligi ikatsekera ankakawedza limodzi kumpoto kwa Saskatchewan, kwawo konko ku Canada, ndipo pa ukwati wa Wade ndi Marlene woperekeza mkwati anali Lorne yemweyo.

Linali Lamlungu masana, ndipo alimi a tirigu anali atadzaza bwalo ndi akazi awo ndi ana, poti chisanu chikagwa kumunda kulibe chochita. Chigawo choyamba chinatha mwamtendere, mpaka ena anayamba kuyasamula.

Zinthu zinavuta m'chigawo chachiwiri. Devin, wogoletsa wa obiriwira, anali atawerama pakona kulimbana ndi kampira pamene wosewera wina wa oyera anamudzera kumbuyo ali pa liwiro n'kumuwombetsa nkhope kumatabwa otchinga bwalo. Linamveka phokoso ngati la nkhwangwa pachipika. Devin anagwa chafufumimba, magazi n'kuyamba kuyenderera pa ayezi. Oyimbira anamutulutsa m'masewero wopalamulayo, iye n'kulowa m'chipinda chosinthira osacheuka. Mwini mlandu anali atapita, koma mlandu unatsala, ndipo aliyense m'bwalomo ankadziwa woti auyankhe.

"Lorne! Lorne! Lorne!"

Dzanja la kochi Gord linagunda phewa la Lorne. Pa ntchito imeneyi kochi sanena kuti kamenye, amangogunda phewa.

"Bwana, Wade sali bwino," anatero Lorne osadzuka.

"Nanga Devin ali bwino? Ndinakulemba unesi ine? Ukangokhala pamenepo, mawa ligi yonse idziwa kuti anyamata anga ndi othyola mwaulere. Dzuka!"

Lorne analumpha matabwa mtima ukumuwawa. Kutsidya nayenso Wade anali atagundidwa phewa. Anaima moyandikana, mapewa akukhudzana, kudikira kuti oyimbira agwetse kampira.

"Tiye, aise," anatero Wade.

"Unandipempha wekha."

"Pempho ndabweza. Ndikakana pamaso pa anthu onsewa, ntchito yatha. Iwe uzimenya chisoti, ine ndizimenya phewa. Tikatopa tigwere limodzi, anthu akadye mtima uli m'malo."

Kampira kanagwa, iwo n'kuvula magolovesi n'kuwaponya pansi, chizindikiro cha ndewu. Oyimbira anabwerera m'mbuyo kuwapatsa malo, monga mwa mwambo. Aliyense anagwira jezi ya mnzake pakhosi, ndipo anayamba kuzungulira. Lorne anaponya nkhonya pachisoti, kenaka ina, mpaka khungu la zala zake linasupuka. Wade ankabwezera paphewa. Koma anthu amene akhala akuonera ndewu kuyambira ali kumsana sanamizika.

"Mukuvina kodi? Psompsonananitu basi!" anakuwa mayi wina kuseri kwa galasi lotchinga oonerera. "Mphe, Lorne!"

Kaya anali manyazi, kaya maso aja anamunamiza, Wade anaponya dzanja lamanja lonse ndipo silinapeze phewa. Linatera pamphuno. Lorne anamva fupa likuphwanyika, m'maso munachita mbee, m'kamwa munadzaza magazi otentha. Paja amati nkhonya yobwezera kuwawa. Mkono wake unali utagwira ntchito imeneyi kuyambira ali mnyamata, ndipo sunadikire kufunsa mwini wake. Anakoka jezi mwamphamvu, chisoti cha Wade chinavuka n'kugubuduka, ndipo chibakera chinakakhala pachibwano penipeni.

Wade anazima ali chiimire. Womenya aliyense amadziwa kuti mnzako akakomoka umamugwira kuti mutu usafike pansi, ndipo Lorne anayesetsa. Koma zala zake zinali zoterera ndi magazi. Jezi inapulumuka, ndipo nkhongo ya Wade inamenya ayezi.

Bwalo lonse linaimirira ndi chisangalalo. Anzake a Lorne pabenchi ankamenyetsa ndodo kumatabwa pomuthokoza. Lorne yekha ndiye ankaona manja a Wade atauma m'mwamba, miyendo ikunjenjemera, magazi akutuluka m'khutu. Anagwada n'kuyamba kukuwa kuti abweretse machira, koma mawu ake anamira m'phokoso la dzina lake lomwe. Phokosolo linazizira pokhapokha machirawo atalowa.

Masewero atatha, Devin anabwera kudzakhala pafupi naye m'chipinda chosinthira, nkhope itasokedwa kuyambira pachikope mpaka patsaya.

"Usadziimbe mlandu, mkulu. Anthu a m'maofesi akufuna kuletsa ndewu, koma pakanapanda anthu ngati iwe bwenzi akutithyola tsiku lililonse."

"Ine ndinalipo," anayankha Lorne, thonje lili m'mphuno, "ndipo akuthyola."

Devin anangoweramira nsapato zake.

M'mawa mwake timu inali pa ulendo wokasewera kwina, ndipo basi inkanyamuka masana. Lorne anaponya chikwama chake m'galimoto n'kuyamba wadzera kuchipatala. Anapeza Marlene ali m'khonde, atafumbata kapu ya khofi wozizira kale. Mayiyo anayang'ana mphuno yotupayo, kenaka zala zomangidwa mabandeji, ndipo Lorne analakalaka akanabisa manjawo.

"Lowani, alamu," anatero Marlene ndi mawu ouma. "Chitsitsimukireni akungofunsa za inu. Ine andifunsa kawiri kuti ndine nesi uti."

Wade anali atagona chagada, mutu wokulungidwa, diso limodzi lofiira ngati nyama. Popanda mano ake aja ankaoneka ngati nkhalamba. Atamuona Lorne nkhope yake inawala.

"Aise! Ndani wakuphwanyanso mphuno? Ameneyo ndimugulira mowa."

Lorne anaima pambali pa bedi.

"Tasendera kuno." Wade anamugwira mkono, n'kusuzumira kuchitseko kuti wina asamve. "Masewero a lerowa, ndimafuna tionane tisanalowe. Lero lokha usandipemphe ndewu. Mutuwu sukuyenda bwino. Wamva?"

Lorne anamva chisoni chimene sanachimvepo chibadwire. M'thumba mwake foni inayamba kulira, ndipo sanafunike kuyang'ana kuti adziwe kuti ndi Gord, basi ikudikira.

"Wamva, Lorne?"

"Ndamva, aise. Lero ayi."

Anazimitsa foniyo, anavula jekete n'kulikoleka kuseri kwa chitseko, ndipo anakokera mpando pafupi ndi bedi. Posakhalitsa Wade anamugwiranso mkono n'kuyambiranso pempho lomwe lija, ndipo Lorne anamuyankha chimodzimodzi.