Nkhuku Yopepesera

"Munthu wosalakwa amapepesa?" anafunsa manijala wa esiteti, akuyang'ana mayi woweruza. "Sabata yatha anabwera kwanga ndi nkhuku, n'kugwada."

Sankhani anazyolika. Anali atagwira ntchito yosankha fodya pa esitetipo, kufupi ndi Kaluluma, zaka zisanu ndi zinayi. Belo limodzi litabwezedwa ku okushoni chifukwa pakati panali fodya wonyowa, anamuchotsa tsiku lomwelo osamufunsa kanthu. Mkazi wake, Dyna, ndiye anamukoka mpaka ku khoti la milandu ya pantchito.

"Nkhuku iti?" Dyna ananong'ona pa benchi, koma khoti lonse linamva. "Ija munati yatengedwa ndi kabawi?"

Anthu anaseka. Woweruza sanaseke.

"Bambo, munkapepesa chiyani?"

"Kaya, bwana. Amalume anati wamkulu salakwa, ukangogwada akubwezera ntchito."

"Belolo munadinda ndinu?"

"Ayi. Ine ndimasankha, odinda ndi ena."

Woweruza anatembenukira kwa manijala. "Musanamuchotse munamva mbali yake?"

"Nyengo yodinda, mayi, ndani amakhala pansi?"

"Koma yolandira nkhuku nthawi munaipeza?"

Manijala anakanda khosi. Mlandu unaimitsidwa milungu itatu, kuti Sankhani abwere ndi mboni imene inalipo podinda belolo.

Panja Sankhani ankangoyendayenda, chipewa m'manja, kenaka anatembenukira kwa Dyna.

"Mayi a Feliya, tingozisiya. Amene ankadinda mabelo pa jeke tsiku lija ndi Mphepo, ndipo Mphepo amagona m'nyumba ya esiteti, ana asanu. Abwere kudzataya denga chifukwa cha ine?"

"Tizisiye kuti Kaluluma yense azikutchani wothira madzi m'fodya? Adzakulembaninso ntchito ndani?"

"Mwina amalume atalankhula nawo..."

"Amalume anuwo atidyetsa kale njala. Fisi akatola fupa sabweza, inu mukumuwonjezera msuzi!"

Dyna anamanga chitenje, n'kuimitsa njinga ya kabaza.

"Mukupita kuti?"

"Kwa mkazi wa Mphepo. Ndine ndinamuthandiza kubereka mwana wake wachitatu. Akakana, andikanire pamaso."

Sankhani anaima pang'ono, kenaka anaimitsa ina n'kumutsatira.

Tsono inu amene muli pa ntchito, akakuchotsani yambani mwafunsa mlandu wanu, mufunsenso kalata yake. Ulemu ndi wabwino, koma maondo muziwasungira tsiku limene mwalakwadi.